Ine, Mkamwini Wanga ndi Ajeremani Ake pa Msewu wa ku Montreal

Ndinagwira ntchito ya misewu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo theka la zaka zimenezo ndinali kapitawo. Maulendo ndayenda ambiri. Umene ndikulemba pano ndi wokhawo umene galimoto inafa chifukwa cha ine.

Ndinali ku Scarborough kwa mwana wanga Esinati. Anandiitanitsa kuchokera ku Ntchisi kuti ndidzaone mdzukulu wanga Tadala. Ndinamupeza mwanayo ali wonenepa, woseka, wosabatizidwa. Ndinakhala miyezi inayi. Anayamba kukwawa akadali wosabatizidwa, ndipo tsiku langa lobwerera kumudzi linali litatsala masabata atatu.

Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndakhala m'bwalo la mpingo zaka zoposa makumi atatu. Amuna ambiri ndinawaitanapo kuti adzafotokoze chifukwa chimene ana awo akukulira kunja kwa ubatizo. Ndinadziwa kuti ndikangotsika basi pa Ntchisi, akulu anzanga adzandifunsa funso lomwelo. Ndipo kunama sindidziwa.

Esinati analibe vuto, amadya mgonero. Abusa amene amatisonkhanitsa Amalawi kawiri pa mwezi m'holo yobwereka ku Etobicoke analinso okonzeka. Wozengereza anali bambo wa mwana, mkamwini wanga Limbani. Ndi munthu waulemu. Samwa, sasuta, amatsuka mbale osatumidwa. Koma ali pa yunivesite ya m'tauni, akuchita maphunziro a udokotala wosachiza munthu, wa Ajeremani amene anafa kalekale akukangana za Mulungu. Nkhani ya ubatizo ikatuluka ankangoti tikambirana, n'kukwera sitima yapansi kupita ku laibulale.

Kwathu mkamwini ndi apongozi sadyera pamodzi, sakhala mpando umodzi, ndipo akale sankayankhulana maso ndi maso. Mawu ankadutsa mwa munthu wina. Mwambo umenewu unafooka, inenso ndinali nditausiya. Koma mwezi wachitatu ndinaudzutsa wonse. Ndikafuna kuti atsitse wailesi ndinkauza Esinati kuti auze bambo a Tadala, iwo ali pomwepo. Limbani anavomera chilangocho mwaulemu, nayenso n'kumayankha kudzera mwa mkazi wake. Zimenezi zinandikwiyitsa kwambiri.

Esinati anatopa nafe. Tsiku lina anandiuza kuti Limbani akupita ku Montreal kukawerenga pepala lake pa msonkhano wa ophunzira, ndipo ine ndipite naye ndikaone dziko. Ndinamufunsa kuti adzanyamula mawu ndani. Anati wapeza kale Mayi Tembo, mnzake wa ku Chipata amene amasamalira okalamba ku Kingston, akufuna lifiti yobwerera ku ntchito. Ndinavomera, chifukwa m'galimoto munthu alibe laibulale yothawirako. Sindinafunse kuti Kingston ili pati. Ndinkayesa ili pakhomo pa Montreal. Ili pakati pa njira.

Tinanyamuka sikisi koloko m'mawa, mwezi wa Novembala, kukuzizira kolowa m'mano. Pepala linali loti liwerengedwe folo koloko masana, ndipo ulendowo ndi wa maola asanu ndi theka. Nthawi inalipo yambiri. Mayi Tembo anakhala kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo kwa dalaivala kuti maso athu asakumane.

Msewu wa 401 ndiulemekeza. Phula lake ndi lokhuthala, madzi sagona pamwamba. Koma pa Whitby tinaima mphindi makumi anayi chifukwa ankakonza mzere umodzi. Ndinawerenga amuna asanu ndi mmodzi ovala zachikasu, fosholo imodzi. Ndinamva ngati ndili kwathu.

Titadutsa Oshawa msewu unatseguka, ine ndinayamba ntchito. Ndinauza Mayi Tembo kuti afunse bambo a Tadala kuti Ajeremani awowo ankalimbirana chiyani kwenikweni, popeza Baibulo anali nalo m'chiyankhulo chawo.

Limbani anayankha mayiwo, maso ali pa msewu. Anati zaka zoposa mazana awiri zapitazo kunali gulu lina la ophunzira limene linati chilichonse chiziyamba chadutsa m'bwalo la nzeru, ngakhale chipembedzo. Chimene nzeru sizingachitsimikize, munthu asalumbire kuti akuchidziwa. Mkulu wa gululo anati za Mulungu sitingazitsimikize ngati masamu, koma m'kati mwa munthu aliyense muli lamulo lomuuza kuchita choyenera ngakhale sichikumukomera, ndipo chipembedzo chenicheni ndi kumvera lamulo limenelo. Limbani anati mkuluyo sankachoka m'dera la kwawo, ndipo ankayenda masana alionse pa ola lomwelo, moti anansi ankakonza mawotchi awo akamuona.

Mayi Tembo anatembenuka n'kundiuza kuti: "Akamba ati kunali mudala wina wouma mutu, wosaseka, monga imwe atate."

Ndinawauza kuti anene kuti munthu ameneyo ndamukonda, akanatha kukhala kapitawo.

Limbani anapitiriza. Anati kenako kunadzuka achinyamata, ena okulira m'nyumba za mapemphero ambiri, amene anati gulu loyambalo laumitsa chipembedzo ngati nsomba yapadzuwa. Iwo anati chipembedzo si kudziwa, si malamulo. Ndi chimene mtima umamva munthu akazindikira kuti sanadzilenge, ndipo moyo wake wonse walendewera pa wina wamkulu. Mayi Tembo amapemphera ku matchalitchi oombera m'manja. Anakweza dzanja n'kunena ameni, ndipo mawuwo sanawabweretse n'komwe kumbuyo. Ndinachita kuwakumbutsa ntchito yawo.

Ndinati auzeni kuti ngati chipembedzo ndi kungomva kuti ukudalira wina, ndiye kuti Mkhristu wamkulu pa Ntchisi ndi galu wanga, chifukwa palibe amene amadalira ngati iye ndikamadya.

Limbani anaseka mpaka galimoto inapendama pang'ono. Anati mayiwo awauze Bambo kuti Mjeremani wina wotchuka, pulofesa, ananyoza gulu lachiwirilo ndi chitsanzo chomwecho cha galu. Mayi Tembo anafupikitsa, anati akuti mwakopera. Ine sindinakopere munthu. Ndinalekeza Sitandade Sikisi yakale, ndipo pamene pulofesayo anafika atawerenga mabuku odzaza nyumba, ine ndinafikapo ndili pa mpando wakumbuyo tisanafike Port Hope. Ndalemba izi kuti zidziwike.

Pa Port Hope tinapatuka pa malo ogulitsira khofi. Awiriwo analowa kukadya. Ine ndinatenga tiyi wanga ndi banzi kukaima kuseri kwa galimoto, chifukwa sindidya mkamwini akuona. Mphepo inachokera ku nyanja yawo yaikuluyo n'kuziziritsa tiyi ndisanamwe theka. Mzungu wina anandifunsa ngati ndasochera. Ndinamuuza kuti ndaima pamene ndafuna.

Tikubwerera pa msewu ndinaponya funso lenileni. Ndinati afunseni kuti iwo ali gulu liti. Limbani anati ali pakati, ndipo pepala lake ndi la amene anali pakatiwo. Ndinati auzeni kuti pakati pa msewu ndi pamene ndinkatola anthu ogundidwa. Sanakwiye. Anafotokoza kuti mmodzi mwa apakatiwo, mwana wa m'busa, anadandaula kuti zozizwitsa za m'Baibulo iye sanazione, anangomva kwa amene anamva kwa ena. Pakati pa nkhani yakale yomva ndi chinthu chimene munthu angaikirepo moyo wake anaonapo ngalande yaikulu, ndipo anati walephera kuilumpha ngakhale ankafuna. Wina anamuyankha kuti nzeru zokha zikakutsogolera mpaka kumapeto zimakufikitsa ku dziko loyenda ngati makina, lopanda womva pemphero, choncho ungotseka maso n'kulumpha.

Mayi Tembo anati: "Akuti mwana sabatizika chifukwa cha ngalande."

Ndinati auzeni kuti ngalande ndazidziwa kuposa Mjeremani aliyense, ndipo munthu wanzeru sailumpha, amaika kalavati. Mawu amenewa sanafike. Mayi Tembo anali atagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi otsatizana asanabwere ku Toronto, ndipo kutentha kwa m'galimoto kunawagonjetsa. Tikudutsa Cobourg mutu wawo unali pa windo, pakamwa pali yasa.

Limbani anatsegula wailesi motsitsa.

Pa Trenton ndinamva kulira. Kunali kochepa, ngati mwana wa mbewa, kuchokera kutsogolo kumanja. Ndakwera malole a miyala moyo wanga wonse, kulira kumeneko ndimakudziwa. Anali lamba wa injini, akutha. Munthu akaima msanga ndi nkhani ya ola limodzi pa galaja. Akapitiriza amaduka, ndipo zonse zimaima. Limbani amadziwa Chijeremani, koma injini ikhoza kumutchula dzina osamva.

Ndinayang'ana Mayi Tembo. Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso mwamphamvu, Limbani n'kungonditambasulira botolo la madzi chakumbuyo osatembenuka. Ndinagunda mpando wa mayiwo ndi nsonga ya nsapato kawiri. Kachitatu ndinaleka, chifukwa ndi mkazi wa mwini. Pa Belleville kulira kuja kunakula. Ndinaganiza zoimba nyimbo ya m'buku mokweza kuti adzidzimuke. Ndinasankha yaitali. Mayiwo sanagwedezeke. Amene anamva ndi Limbani. Anazimitsa wailesi, ndipo pa ndime yachiwiri analowa ndi besi, yabwinonso, mawu onse pamtima. Awirife tinaphimba kulira kwa lamba kotheratu.

Ndivomereze apa. Pakamwa ndinali napo. Mawu ake anali awiri okha, akuti imani apa. Nzeru zinkandiuza kuti ndinene. Koma ndinali nditasunga mwambo milungu isanu ndi umodzi osaphonya, ndipo sindinafune kuti ndigonje ine poyamba chifukwa cha chidutswa cha labala. Ndinadziuza kuti mwina afika ku Kingston.

Sanafike. Kutatsala pang'ono kuti tifike Napanee kunamveka phokoso ngati chikwapu pansi pa boneti. Magetsi ofiira anayaka, chiwongolero chinauma, Limbani analimbana nacho mpaka tinaima m'mbali. Utsi woyera unatuluka. Nthawi inali itangopitirira teni koloko.

Mayi Tembo anadzuka n'kufunsa ngati tafika.

Kudikira kwa pa msewu wa kuno n'kosiyana ndi kwathu. Kwathu galimoto ikafa, pasanathe mphindi khumi pafika wa njinga wodziwa makaniko, ana ogulitsa nthochi, ndi mkulu wina wokuuzani kuti pamalopo pamafa galimoto kawirikawiri. Kuno palibe amene amaima. Malole aatali ankadutsa n'kugwedeza galimoto yathu ngati bwato. Limbani anaimba foni kwa okoka magalimoto. Anamuuza mphindi makumi anayi ndi zisanu. Zitatha anaimbanso, anamuuzanso mphindi makumi anayi ndi zisanu. Injini itafa, kutentha kunafanso. Tinthu toyera ta sinowo tinayamba kugwa, toyamba chaka chimenecho. Mayi Tembo anatuluka kukasanjika manja pa boneti n'kudzudzula mzimu wochedwetsa maulendo. Ine ndinakhala phe, podziwa kuti mzimuwo wakhala pa mpando wakumbuyo, wavala jekete la Esinati.

Mayiwo anayenera kulowa ntchito thu koloko. Anaimbira mnzawo wa ku Kingston, amene anabwera kudzawatenga ndi kagalimoto kodzaza mipando ya ana. Anatipempha kuti tikwere, koma Limbani sakanasiya galimoto, ndipo malo otsala anali a munthu mmodzi. Limbani anati Bambo apite akafunde. Ndinati muuzeni kuti sindinasiyepo galimoto yakufa pa msewu ndili kapitawo. Mayi Tembo ananyamula chikwama chawo n'kutiyang'ana tonse awiri.

"Manje atate, foni yanu yapita. Muzikamba mweka, ndimwe akuluakulu."

Tinatsala awiri. Ola lathunthu palibe anatsegula pakamwa. Iye ankayang'ana wotchi, n'kutulutsa pepala lake, n'kulibwezeranso. Zala zanga za kumapazi zinasiya kundimvera.

Wokoka galimoto anafika itakwana hafu pasiti thwelofu. Anali mayi wamkulu thupi, wa manja ngati a womenya njerwa, ali ndi galu wa ubweya wambiri. Kutsogolo kwa lole yake kunali mpando umodzi wa anthu awiri. Ine amene ndinakana kukhala sofa imodzi ndi mkamwini ndinapezeka ntchafu yanga yagundana ndi yake, phewa lake lili pa khutu langa. Galu anasowa malo ake n'kukwera pa miyendo yanga. Mayiyo anati galuyo sakonda aliyense, ndiye kuti ndine munthu wabwino. Ndinamva phewa la Limbani likunjenjemera. Ankabisa kuseka. Galuyo anali wofunda, sindinamuchotse.

Galaja ya ku Napanee inali ndi chipinda chodikirira chokhala ndi mipando itatu ndi fungo la matayala. Makaniko, mzungu wa ndevu zoyera wa msinkhu wanga, anabwera atanyamula lamba woduka ngati njoka yophedwa. Anati podukapo wawononganso kawilo kena, ndipo katsopano kafika mawa. Kenako anafunsa kuti kodi palibe anamva, popeza lamba wotere amalira mtunda wautali asanaduke. Limbani anati iye za injini sadziwa, sanamve kanthu, ndipo kulakwa n'kwake chifukwa sanapititse galimoto kukaonetsa. Chingerezi cha Sitandade Sikisi yakale chimagwira ntchito. Ndinamva zonse. Makanikoyo atatuluka ndinayang'ana mkamwini wanga kumaso, koyamba m'milungu isanu ndi umodzi.

"Ndinamva ine, bambo a Tadala. Kuyambira ku Trenton."

Anafunsa ngati nyimbo ija inali ya chimenecho. Ndinati inde. Wotchi ya pakhoma inkati hafu pasiti wanu, ndipo Montreal inali patsogolo maola atatu pa galimoto imene tinalibe. Pepala limenelo analikonza chaka chathunthu, Esinati anandiuza. Limbani anatuluka panja osavala chipewa. Ndinamuona pa windo ataima mu sinowo, manja m'thumba, kenako akuimba foni, akuwerama ngati munthuyo ali patsogolo pake. Ndinakonzeka kulandira mawu alionse. Anali ndi ufulu.

Atabwera anati a msonkhano amuika mawa m'mawa, pa nthawi imene ambiri amakhala akulongedza. Anakhala pa mpando wachitatu, kusiya umodzi pakati pathu. Anayankhula motsitsa.

"Bambo, inu mwalola galimoto kufa kuti musaswe lamulo lanu limodzi. Inenso ndili ndi limodzi lokha. Sindinena pamaso pa anthu kuti ndikudziwa chinthu chimene sindikuchidziwa. Pa ubatizo abusa amafunsa, makolo n'kuyankha inde. Ndikayankha, ndinama. Ubatizo sindikuukana. Ndikukana kunama mwana wanga ali m'manja."

Ndakhala ndikumva zifukwa za amuna m'bwalo la mpingo zaka makumi atatu. Wina analibe suti. Wina ankadikira kukolola. Wina anali ndi mkazi wachiwiri ku Kasungu. Woopa kunama ndinali ndisanakumane naye. Ndinaitana ambiri amene anayankha inde mokweza Lamlungu, Lolemba n'kupezeka kwa sing'anga.

Ndinamufunsa kuti ngati sakudziwa kuti Mulungu aliko, akuopa kunama pamaso pa yani. Anati pamaso pa lamulo la m'kati mwake. Ndinafunsa kuti lamulolo analiikamo ndani, popeza chikwangwani cha pa msewu sichimera chokha. Anamwetulira n'kunena kuti Mjeremani wa mawotchi uja anayendanso njira yomweyo, ndipo anafika poti Mulungu sangamutsimikize koma sangachite popanda kumuyembekeza. Ndinafunsa ngati iyenso akuyembekeza. Anati masiku ena. Anati tsiku limene Tadala anabadwa, namwino atamupatsa mwanayo, anamva kuti ayenera kuthokoza wina, ndipo sanali namwinoyo. Koma anati kumva si kudziwa, ndipo abusa safunsa za kumva.

Njala inali itandigwira. Limbani anagula mitanda iwiri ya buledi wa nyama pa sitolo yoyandikana, n'kutembenuza mpando wake kuyang'ana kukhoma kuti ndidye. Ndinamuuza kuti atembenuke, khomalo silinamulakwire.

Tinasiya galimoto, tinakwera takisi mpaka Kingston, n'kudikira basi ya ku Montreal ola lina. Mtengo wa tikiti imodzi kwathu ndi mbuzi. Basiyo inadzaza ana a sukulu zapamwamba, aliyense mawaya m'makutu. Kutsogolo kwathu kunali mayi wina amene anayankhula Chifalansa pa foni kuyambira Kingston mpaka Cornwall osameza malovu. Mipando iwiri yoyandikana ndiyo inatsala, ndipo tinakhala.

Pakati pa Kingston ndi Brockville ndinagwira ntchito yanga yakale. Ndinamuuza kuti kapitawo akapeza ngalande sayamba ndi kudandaula, amayamba wayeza. Mafunso a ubatizo ndimawadziwa pamtima, ndi atatu. Ndinamufunsa limodzilimodzi ngati m'kalasi. Loyamba ndi la kukhulupirira Mulungu, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Anati sangayankhe inde ndi mtima wonse. Lachiwiri ndi la kuvomereza Yesu kuti ndiye Mpulumutsi wake. Titadutsa mlatho wina anati ngalande ija ili pamenepo. Lachitatu ndi la kulonjeza kulera mwana m'mpingo, kumuphunzitsa kupemphera ndi kuwerenga Mawu, ndi kukhala chitsanzo pamaso pake. Apa sanachedwe. Anati limenelo angalonjeze lero lomwe, chifukwa akufuna Tadala adziwe nyimbo zimene iye anazidziwa, ndipo akadzakula adzayeze yekha ngalandeyo ali ndi poyambira.

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti lonjezo limenelo ndi la Lamlungu lililonse la mapemphero, ngakhale kugwe sinowo wofika m'mawondo. Anati akudziwa. Ndinati ndiye kuti pa magawo atatu, limodzi ndi louma kale, ndipo ndi limene pamadutsa katundu wolemera.

Chigamulo changa ndinachipereka tikuyandikira Cornwall. Esinati ndi Mkhristu wodya mgonero, mwana akhoza kubatizidwa pa chikhulupiriro cha mayi ake. Zimenezo n'zololedwa. Kwathu zikatero bambo amakhala pa benchi kumbuyo, mpingo wonse n'kudziwa kuti pali nkhani. Ndinati iye sadzakhala pa benchi. Adzaima kutsogolo, adzanyamula mwana. Mafunso awiri oyamba adzatseka pakamwa. Lachitatu adzayankha. Abusa ndidzawauza zoona zonse ine ndemwe tsiku lisanafike, ndipo akakana, akana.

Anafunsa kuti nanga anthu akaona kuti sanayankhe. Amalawi a ku Toronto ndi ochepa, nkhani ya ku Etobicoke imafika ku Scarborough basi isanafike. Esinati ndiye angavutike nazo. Ndinamuuza kuti za anthu azisiye kwa ine.

Montreal tinafika usiku. Ndi mzinda, uli ndi nyumba zazitali ndi zikwangwani zosawerengeka. M'mawa mwake ndinakhala kumbuyo kwa chipinda chimene anawerengeramo pepala. Munali anthu asanu ndi anayi, ine wachikhumi. Ndinamva mawu akuti ngalande kangapo, zina zonse zinandidutsa. Mzungu wina wadazi anamufunsa funso lalitali kuposa pepalalo, ndipo Limbani anamuyankha mwachidule mpaka wadaziyo analemba. Ndinaona kuti mwana wanga sanakwatiwe ndi chitsiru. Tinabwerera pa basi, tinatenga galimoto ku Napanee, ndipo ulendo uno ndinakhala kutsogolo kuti ndizimvera injini.

Abusa ndinakawaona Lachitatu. Anandimvera mpaka kumapeto, anavula magalasi, n'kunena kuti akanakonda abambo onse akanawabweretsera vuto lotere. Anavomera.

Ubatizo unachitika Lamlungu lomaliza ndisananyamuke. Holo inadzaza, a ku Zambia analiponso, Mayi Tembo anabwera kuchokera ku Kingston atavala duku lalikulu. Ndinapempha kuima ndi makolo monga agogo a mwana komanso mkulu wa mpingo, ndipo ndinaima kumbuyo kwenikweni kwa phewa la Limbani. Mawu anga anakulira pa misewu, kuitana anthu lole ikulira. Abusa atafunsa funso loyamba ndinayankha inde wa anthu awiri. Mwana wa munthu wina kumbuyo analira ndi mantha. Lachiwiri ndinawonjezera pang'ono. Sindinanamize aliyense. Ndinanena chimene ndimakhulupirira, pa mlingo umene ndimachikhulupirira. Amayi a m'mizere yakutsogolo onse anayang'ana ine, palibe anaona milomo ya mkamwini wanga.

Pa funso lachitatu ndinatseka pakamwa. Esinatinso anachedwa dala. M'holo munali zii, ndipo Limbani anayankha yekha. Mawu ake anatuluka osweka. Abusa atathira madzi pa mutu wa Tadala, mwanayo sanalire, anangogwira tayi ya bambo ake n'kuiika m'kamwa. Amene analira ndi bamboyo, misozi mpaka pa kolala, manja onse ali ndi mwana, osatha kupukuta.

Ndinatulutsa mpango wanga n'kumupukuta ine ndemwe, pamaso pa mpingo. Sindinamufunse kuti misoziyo inali ya gulu liti la Ajeremani.